ZA MFUNDO ZA CIONGOLERO CA PIKAPU: KUZINDIKIRA ZAKUTHA NDI KUIKAMO ZATSOPANO

Kwa eni mabanja ndi akuru a m'midzi.

Masiku ano zokolola zambiri za m'minda yathu sizipitanso kumsika pamutu kapena pangolo. Zipita pa galimoto yaing'ono ya katundu imene tiicha pikapu, imene akuru ena aichabe bokosibode. Pamudzi pakakhala pikapu imodzi, ndiyo inyamula cimanga ndi mtedza, ndiyo ibwera ndi feteleza, ndiyonso ithamangira kucipatala ndi wodwala pakati pa usiku. Kaya galimotoyo iri yanu, kaya ya mwana wanu, kaya mwaicita hayala tsiku limodzi lokha, anthu okhala pamwamba pa matumba ndiwo a m'nyumba mwanu. Cifukwa cace nkwabwino kuti mwini banja adziwe kanthu kamodzi kakang'ono ka pansi pa galimoto, kamene kakaguluka, woyendetsa sakhozanso kuiongola, angakhale ali wanzeru cotani.

Kanthuko amakaniko akacha tie rod end. Ife m'kalata muno tidzati mfundo ya ciongolero. Ukuru wace supitirira nkhonya ya munthu, ndipo mtengo wace ucepa poulinganiza ndi mtengo wa tayala limodzi latsopano. Akuru anati, tsoka silinunkha. Koma tsoka la mfundo iyi linunkha ndithu, pakuti mfundo siguluka tsiku lomwe iyamba kutha. Kawiri kawiri icenjeza nthawi yaitali, ndipo munthu wa maso ndi makutu akhoza kuigwira isanacite coipa.

I. KODI MFUNDOYI IRI PATI, NDIPO NCHITO YACE NJOTANI?

Mudziwa kuti ngolo ya magudumu awiri iribe ciongolero. Ng'ombe zikakhota, ngolo itsata. Ndipo cimene cicititsa ng'ombe ziwiri kukhota pamodzi ndilo goli. Pa galimoto, gudumu liri lonse la kutsogolo likhota pa lokha pamalo pace, ndipo kuti awiriwo amvane, awalumikiza ndi ndodo za citsulo zopingasa pansi pa injini. Ndodo zimenezi ndizo goli la magudumu, ndipo amakaniko azicha tie rod. Woyendetsa akapotoza ciongolero, ndodo ikankha gudumu lina ndi kukoka linzace.

Nzeru iyi ndi yakale koposa galimoto. Anaiyamba mmisiri wa magareta okokedwa ndi akavalo, Georg Lankensperger wa ku Munich, ndipo m'caka ca 1818 Rudolph Ackermann anailembetsa ku England. Kufikira lero icheredwa dzina la Ackermann. Iwo anaona kuti pokhota gudumu la m'kati liyenda njira yaifupi, ndi la kunja njira yaitali. Cotero la m'kati liyenera kukhota koposa linzace. Cimene cilinganiza zimenezi ndiko kutalika kwa ndodo ndi malo okhala mfundo zace. Musaiwale mau awa, pakuti poika mfundo yatsopano kutalika kwa ndodo kudzakhala nkhani yaikuru.

Koma ndodo singamangidwe gwa ku gudumu ndi bauti, cifukwa gudumu likwera ndi kutsika pa masipuling'i, ndiponso likhota. Pafunika mfundo yopindika mbali zonse koma yosalola mpata. Amene anasendapo mbuzi aidziwa mfundo yotere: mutu wobulungira wa pfupa la nchafu ukhala m'cikho ca pfupa la m'ciuno, nuzungulira m'menemo mosalala popanda kuturuka. Momwemonso mfundo ya ciongolero iri ndi mutu wobulungira wa citsulo colimba, wokhala m'cikho codzala ndi girizi. Pa mutuwo pamera msuka wosongoka pang'ono, wolowa m'ciboo ca mkono wa gudumu monga msuka wa khasu ulowa mu mpini. Ndipo kunsonga kwace amangako nati ndi kupisako pini woletsa nati kumasuka. Pakhosi pa mfundo pali kathumba ka mpira kosunga girizi m'kati ndi kuchinga pfumbi ndi madzi.

Mapikapu sanapangidwe mofanana onse. Akale ambiri, monga Toyota Hilux za m'zaka za 1980, ali ndi bokosi la ciongolero lokankha ndodo yapakati, ndipo kumbali iri yonse kuli ndodo yaifupi ya mfundo ziwiri, ya m'kati ndi ya kunja. Hilux zopangidwa kuyambira 2005 ziri ndi ndodo ya mano imene aicha rack; kumbali iri yonse kuturuka ndodo imodzi m'kathumba ka mpira kamakwinya, ndi mfundo kunsonga kwace. Land Cruiser ya katundu, imene magudumu ace a kutsogolo akhala pa citsulo cimodzi, iri ndi ndodo yaitali yocokera ku gudumu kufika ku linzace, ndi yina yocokera ku bokosi. Gonani pansi muwerenge mfundo za galimoto yanu, kuti poyesa musasiyeko ndi imodzi yomwe.

II. ZIMENE ZIDYA MFUNDO

Mdani woyamba ndiye pfumbi. Kathumba ka mpira kakakalamba ndi kutentha kang'aluka. Kapena kabooledwa ndi citsa kaya phesi louma, pamene galimoto ilowa m'munda kukatenga zokolola. Pamenepo mcenga ulowa nusanganikirana ndi girizi, ndipo mfundo isanduka mphero yodzipera yokha. Mdani waciwiri ndiwo madzi a dzinja. Pooloka timitsinje ndi madambo madzi alowa pong'alukapo, nacotsa girizi, nasiya dzimbiri. Wacitatu ndiwo maenje ndi mseu wa timizere ngati malata, makamaka woyendetsa akapitapo ndi liwiro; pakuti nkhonya iri yonse imene gudumu lilandira ifika pa mfundo. Wacinai ndiye katundu wopitirira muyeso. Pikapu yonga Hilux ya kabini limodzi inapangidwira katundu wa pafupi ndi tani imodzi, ndiwo matumba 20 a makilogalamu 50. Ndipo anthu okwerapo awerengedwa m'katundu yemweyo. Galimoto yolemedwa ikatitimira mumcenga kapena m'matope, woyendetsa napotoza ciongolero mokakamiza iri ciimire, mphamvu yonseyo ipita pa timitu tating'ono timeneti.

Tsono taonani mathedwe ace. Mutu ukadyeka pang'ono, pakhala mpata. Mpata ukakhalapo, mutu umenya cikho pa dzenje liri lonse, nukuza mpatawo koposa. Cotero kutha kwace kuyamba pang'ono pang'ono, koma kumapeto kufulumira, kufikira tsiku lina mutu utumphuka m'cikho. Gudumu lopanda ndodo lipita kumene lifuna, ndipo woyendetsa akaponda buleki, gudumulo lipindikira cammbali. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ora iyenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Palibe nthawi ya kucita nzeru. Ndipo pikapu yosanjikidwa matumba m'mwamba sicedwa kugubuduka.

III. ZIZINDIKIRO ZA MFUNDO YAKUTHA

1. Ciongolero ciyenda cabe magudumu osamva. Galimoto itaima pa nthaka, magudumu ataloza kutsogolo, potozani ciongolero uku ndi uku ndi zala zanu, maso ali pa gudumu. Mabuku a Toyota Hilux alola mkombero wa ciongolero kuyenda cabe kufikira mamilimita 30, ndiko kuti monga zala ziwiri zogundana. Ciongolero cikakhala cothandizidwa ndi injini, yesani injini iri kulira.

2. Pa mseu woongoka galimoto iyenda ngati ng'ombe yosazolowera goli, nipatukira uku ndi uku, woyendetsa nakhala akuibweza nthawi zonse.

3. Pamveka kugogoda, gogogo, pansi pa mapazi a woyendetsa, makamaka pa mseu wa miyala kapena pokhota pang'ono pang'ono pabwalo.

4. Tayala la kutsogolo litha m'mphepete imodzi, ya m'kati kapena ya kunja, pakati pali bwino. Mukapititsa dzanja mopingasa pa tayalalo, mumva kusalala popita ndi kukanda pobwera, ngati mano a sowo.

5. Ciongolero cinjenjemera m'manja, kapena cikhala copendekeka pamene galimoto iyenda moongoka.

6. Kathumba ka mpira kang'ambika, kapena mfundo ioneka yonyowa ndi girizi wakuda wosanganikirana ndi dothi.

Koma musathamangire kugula mfundo pakuona cizindikiro cimodzi. Mpweya wocepa m'tayala, matope ouma m'kati mwa limu, manati a gudumu omasuka, beringi yakutha, mfundo zazikuru zonyamula gudumu zimene azicha ball joint, ndi bokosi la ciongolero lomwe, zonsezi zikhoza kuonetsa zizindikiro zofanana. Munthu wosayesa ataya ndarama pa citsulo cosalakwa, nasiya colakwa ciri pomwepo.

IV. MAYESEDWE ACE

Kuyesa koyamba kufuna anthu awiri, ndipo sikufuna cipangizo ciri conse. Imikani galimoto pamalo osalala ndi olimba, kokani buleki wa pamanja, ikani miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa magudumu a pambuyo, zimitsani injini, koma kiyi akhale potsegula ciongolero. Mnzanu akhale pampando, napotoze ciongolero uku ndi uku msanga msanga, kufikira amva magudumu alimbana naye. Inu gonani kutsogolo, mufumbate mfundo imodzi imodzi, zala zina pa cikho ndi zina pa mkono wa gudumu, ndipo samalani kuti zala zisapanidwe. Mfundo yabwino iyenda pamodzi ndi mkono ngati citsulo cimodzi. Yakutha iyamba kuyenda yokha mkono usanayende, ndipo m'dzanja mumva kagogodo, ngakhale makutu asakamve. Kuyesa uku kuposa kwina konse, cifukwa kulemera kwa galimoto kugwira magudumu, ndipo mpata uli wonse uonekera.

Kuyesa kwaciwiri ndiko kwa jeke. Kwezani gudumu limodzi, ikani cocirikiza pansi pa galimoto, ndipo gwirani tayala ndi manja awiri, lina kutsogolo kwace ndi lina kumbuyo kwace. Kankhani ndi kukoka. Likagwedera motero, bvuto liri ku ndodo ndi mfundo zace. Gwiraninso dzanja lina pamwamba ndi lina pansi. Likagwedera motero, ganizirani beringi kapena ball joint. Pofuna kusiyanitsa, mnzanu aponde buleki kolimba: kugwedera kukaleka, ndiye kuti ndi beringi, kukapitirira, ndi mfundo. Pa galimoto ya rack, finyani kathumba kamakwinya kaja pamene mnzanu agwedeza tayala, pakuti m'katimo muli mfundo yinanso, imene amakaniko aicha rack end, ndipo iyonso itha.

Kuyesa kwacitatu, gwirani ndodo pafupi ndi mfundo, muikankhire m'mwamba ndi kuikokera pansi ndi dzanja lokha. Ndodo ikapotoka pang'ono molimba, musaope. Mfundo inapangidwira kupotoka. Coipa ndi kudumpha kapena kugogoda. Musayese ndi mgwala wa citsulo, cifukwa mfundo zina ziri ndi sipuling'i m'kati, ndipo mgwala uonetsa mpata pa mfundo yabwino.

Mukapeza mpata womveka ndi dzanja, mfundoyo yatha. Mukapeza kathumba kong'ambika ndi mcenga m'kati, iri pafupi kutha. Koma mukaona mutu ukwera ndi kutsika m'cikho poyera, galimotoyo isayendenso, ngakhale ulendo wa kucigayo. Citsulo catsopano cibwere kwa galimoto, galimoto isapite kwa citsulo.

V. ZOSAYENERA KUCITA

Pali nzeru zina za panjira zimene zitontholetsa phokoso koma zosiya imfa pomwepo. Ena akulunga mfundo ndi zingwe za mpira wa chubu. Mpira ubisa kugogoda, koma sungagwire mutu wofuna kutumphuka. Ena asula cikho ndi nyundo kuti cipane mutu. Cigwira masiku owerengeka, ndipo cikho cosulidwa cikhoza kung'aluka. Ena aoccerera kapena kutenthetsa citsulo ndi moto. Koma citsulo ici anacilimbitsa ndi moto woyesedwa kufakitale, ndipo moto waciwiri ucifooketsa. Ena apisa msomali kapena waya m'malo mwa pini. Enanso agula mfundo yocotsedwa pa galimoto yakufa, osadziwa maulendo amene inayenda kale. Mfundo yakutha iribe mankhwala. Icotsedwe, ndipo ilowe yatsopano.

VI. KUGULA YATSOPANO NDI KUSONKHANITSA ZIPANGIZO

Popita kusitolo tengani nambala ya galimoto yolembedwa pa citsulo cacikuru ca pansi cimene acicha chassis, ndipo ngati nkutheka tenganinso mfundo yakaleyo. Magalimoto a dzina limodzi asiyana mfundo monga mwa caka cimene anapangidwa. Pa ena mfundo ya kumanja isiyana ndi ya kumanzere. Pa akale a bokosi, ndodo yaifupi ija iri ndi mizere yopota yosemphana: mfundo yina imangidwa popotozera kumanja monga mwa masiku onse, yinzace popotozera kumanzere. Linganizani yatsopano ndi yakale: kutalika, kupindika, ukuru wa msuka, ndi kumene mizere ipita. Mfundo yatsopano yabwino iri ndi msuka wolimba kuupendeketsa ndi dzanja, kathumba kace kali kamphumphu, ndipo ibwera ndi nati wace. Yesaninso ya mbali yinayo musanapite, pakuti zonse ziwiri zayenda mseu umodzi. Zikakhala zakutha zonse, muzisinthe pamodzi, ndipo mudzalipira kamodzi kokha polinganiza magudumu.

Zofunika ndi izi: jeke, zocirikiza za citsulo, kapena zipika zazikuru za mtengo wolimba zosalala pansi ndi pamwamba, sipanala wa magudumu ndi masipanala ena oyenera manati, pulayala, nyundo ziwiri, kapena cokokera mfundo cimene acicha puller, burashi ya waya, parafini, utoto kapena coko, tepi yoyezera, ndi pini watsopano. Njerwa zisakhale zocirikiza, pakuti zipfupfunyuka mwadzidzidzi. Munthu asalowe pansi pa galimoto yogwiridwa ndi jeke yekha.

VII. MAIKIDWE A MFUNDO YATSOPANO

1. Tsitsani katundu yense. Imikani galimoto pamalo osalala ndi olimba, magudumu ataloza kutsogolo. Lowetsani giya, kokani buleki wa pamanja, ndi kuika miyala ku magudumu a pambuyo.

2. Masulani manati a gudumu pang'ono lisanakwezedwe. Kwezani ndi jeke, ikani cocirikiza pansi pa chassis, cotsani gudumu, ndi kuligoneka pansi pa chassis, kuti likhale citetezo caciwiri.

3. Tsukani mizere ya ndodo ndi burashi, thiranipo parafini, ndi kuyembekeza kanthawi. Pakani utoto pamene mfundo ilekezera. Yezani ndi tepi kucokera pakati pa cikho kufika pa cizindikiro cosasuntha ca pa ndodo, ndipo lembani muyesowo papepala.

4. Masulani nati wotsekera wa pa ndodo, kapena bauti la copanira pa magalimoto akale. Citani ici msuka ukali m'ciboo cace, cifukwa pamenepo mfundo igwirika yokha.

5. Ongolani pini ndi kumsolola. Masulani nati wa pa msuka, koma musamcotse. Mumsiye kunsonga, kuti acinjirize mizere ndi kuletsa mfundo kudumpha.

6. Gululani msuka. Mukakhala ndi puller, mangani pang'ono pang'ono kufikira mumva phaa. Mukapanda kukhala naye, kumbukirani magululidwe a khasu: simumenya msuka, mumenya mutu wa mpini. Tsamizani nyundo yaikuru kuseri kwa mkono wa gudumu, pamene msuka ulowa, ndipo menyani mbali yinayo ndi nyundo yaciwiri, nkhonya zazifupi zamphamvu. Ciboo cinjenjemera, ndipo msuka umasuka wokha. Samalani paipi ya buleki ndi waya uli wonse wa pafupi.

7. Cotsani nati, zulani msuka, ndipo potozani mfundo kuicotsa pa ndodo, mukuwerenga kuzungulira kwace mokweza mau. Lembani ciwerengeroco.

8. Penyetsetsani ciboo ca mkono. Khasu logwedera likuza ciboo ca mpini. Momwemonso msuka umene unayenda womasuka ukuza ciboo ca mkono. Cikakhala cotambasuka kapena cong'aluka, mfundo yatsopano sidzagwira. Itanani makaniko asinthe mkonowo. Penyaninso ndodo ngati yapindika.

9. Lowetsani mfundo yatsopano kuzungulira monga munawerengera, ndipo yezaninso ndi tepi. Ciwerengero ndi tepi zikasemphana, khulupirirani tepi, pakuti mfundo za mafakitale osiyana zisiyana kutalika pang'ono.

10. Pukutani msuka ndi ciboo zikhale zoyera ndi zouma. Musapakepo girizi, cifukwa msuka ugwira ndi kuthina kwace. Lowetsani, ndipo mangani nati monga mwa muyeso wa m'buku la galimotoyo. Sipanala woyeza mphamvu, amene amucha torque wrench, ndiye woyenera pa nchito iyi. Mpata wa nati ukapanda kulingana ndi ciboo ca pini, mangani pang'ono kuonjeza. Musabweze nati m'mbuyo. Pisani pini watsopano ndi kupinda miyendo yace. Mfundo zina zibwera ndi nati wa pulasitiki m'kati, wosafuna pini. Nati wotere agwira nchito kamodzi kokha.

11. Mangani nati wotsekera, cikho citakhala coongoka pa msuka, cosapendekeka. Mfundo ikakhala ndi kabere kothiramo girizi, poperani kufikira kathumba kafufuma pang'ono, mukapitirira kaphulika.

12. Potozani ciongolero kufikira kumapeto konse kuwiri, muone ngati palibe cokhula kapena cogwira. Bwezerani gudumu, tsitsani galimoto, ndipo mangani manati a gudumu modumphitsa, uyu ndi wopenyana naye. Bwerezani kuyesa koyamba kuja.

Nchito iyi siri yobvuta kwa munthu wozolowera masipanala. Koma amene sanagwirepo nchito ya zitsulo aitane makaniko, ndipo aime pambali ndi kalata uyu m'manja, kupenya kuti zonse zacitika, makamaka pini.

VIII. KULINGANIZA MAGUDUMU

Mfundo italowa, nchito sinathe. Magudumu a kutsogolo ayenera kuloza kutsogolo pamodzi, kapena kupenyana pang'ono pokha monga mwa buku la galimotoyo, ndipo cimene cilamulira ici ndiko kutalika kwa ndodo kuja. Kulakwa kwakung'ono kudya tayala koposa m'mene muganizira. Tayala la pikapu liri monga mamilimita 700 kucokera mbali yina kufika yinzace. Magudumu akasemphana ndi mamilimita 3 okha pa mtunda umenewu, ndiye kuti pa kilomita iri yonse matayala akhwekhwerezeka cammbali mamita oposa 4, ndi pa makilomita 100 mamita oposa 400. Mwini galimoto amene akana kulipira kulinganiza adzalipira matayala awiri.

Kumudzi mukhoza kuyeza motere. Pamalo osalala, matayala ali ndi mpweya woyenera, kankhani galimoto ipite kutsogolo mamita owerengeka. Lembani cizindikiro pakati pa tayala liri lonse, kumbuyo kwace, pa msinkhu wa pakati pa gudumu kapena pafupi napo, pamene tepi ipita yosagunda kanthu. Yezani kucokera pa cizindikiro cina kufika pa cinzace. Kankhaninso galimoto kufikira zizindikiro zafika kutsogolo pa msinkhu womwewo, ndipo yezaninso. Muyeso wa kutsogolo ulingane ndi wa kumbuyo, kapena uceperepo mamilimita owerengeka okha. Ukasiyana kwambiri, masulani nati wotsekera, potozani ndodo pang'ono, mofanana mbali zonse ziwiri, mangani, ndi kuyezanso. Pa galimoto ya rack penyani kuti kathumba kamakwinya kasapotoke pamodzi ndi ndodo.

Koma muyeso wa tepi ndi wongokufikitsani kutauni. Pitani pang'ono pang'ono, popanda katundu, ku garaja ya makina olinganizira magudumu, nchito imene aicha alignment. Mutayenda ulendo woyamba, penyaninso pini, nati wotsekera ndi manati a gudumu.

IX. NTHAWI YA KUYESA, NDI UDINDO WA MWINI BANJA

Yesani mfundo mvula ikatha, m'mwezi wa Epulo, musanayambe kututa cimanga ndi kutumiza fodya ku misika ya ku Kanengo, ku Limbe kapena ku Mzuzu. Pakuti dzinja ndilo lionononga mfundo, ndipo masika ndiwo azisenzetsa katundu wolemera. Yesaninso mvula isanayambe, kuti kathumba kong'ambika kasalowe m'madzi. Yesaninso tsiku liri lonse limene gudumu lagunda mwala, citsa kapena dzenje kolimba. Mfundo za kabere zilandire girizi pamene musintha oilo wa injini, ndiponso mutaoloka madzi akuya. Lamulo la dziko la Malawi lifuna kuti galimoto ikhale ndi cikalata ca COF cotsimikiza kuti iyenera kuyenda pamseu. Koma cikalataco cinena za tsiku limene anaiyesa, sicidziwa maenje amene galimoto yagunda kuyambira pamenepo.

Ndipo inu amene mulibe galimoto yanu yanu, musati nkhaniyi ndi ya eni magalimoto okha. Pocita hayala pikapu yonyamula zokolola zanu ndi ana anu, penyani matayala a kutsogolo ngati atha mbali imodzi. Pemphani woyendetsa mwaulemu apotoze ciongolero uku ndi uku, ndipo inu mupenye ngati magudumu amvera msanga. Werengani matumba pamodzi ndi anthu okwerapo. Pa ulendo cherani khutu ku kugogoda kwa pansi, ndipo mukakumva nenani, pakuti safunsa anadya phula. Woyendetsa wosamala sakwiya ndi mafunso otere. Akakana kuti mupenye, zokolola zanu ziyembekeze m'nkhokwe kufikira ipezeke galimoto yina. Cimanga sicionongeka ndi kucedwa kwa tsiku limodzi.